Nyimbo Zikamasowa M'foni, Ringtone Ikamabwerera Yakale

Pa benchi yanga ya ku Kamuzu Road, m'tauni ya Salima, pamene ndimatchaja mafoni ndi kuthira nyimbo m'mamemori khadi, sipatha sabata osafika munthu wodandaula chimodzi mwa zinthu zitatu: nyimbo imene anasankha kuti izilira akamaimbiridwa yachoka yokha ndipo foni yabwerera ku kaliridwe kamene inabwera nako, nyimbo zimene anathiritsa dzulo zikukana kulira, kapena khadi lonse likuoneka ngati mulibe kanthu. Ambiri amafika atagamula kale mlandu. Amati foni yatha ntchito kapena yalowa vairasi, ndipo amafuna kuti iflashidwe. Kuflasha kumene akunenaku si kuja koimba n'kudula kuti mnzako akuimbire ayi, koma kufufuta zonse za m'foni n'kuikamo pulogalamu yake mwatsopano. Ntchito imeneyi imadya ndalama, imapita ndi manambala ndi zithunzi za ana, ndipo kawirikawiri vuto limene munthu anabwerera limatsala pomwepo. Pa mafoni ambiri amene adutsa m'manja mwanga, cholakwika chimakhala pa fayilo ya nyimboyo, pa malo amene yasungidwa, kapena pa memori khadi, ndipo zonsezi mwini foni angathe kuzifufuza yekha ali pakhonde pa nyumba yake.

Chimene foni imakumbukira

Pa mafoni ambiri, mukasankha nyimbo kuti ikhale ringtone, foni siitenga nyimboyo n'kuisunga padera ayi. Imangoloweza njira yopita kumene nyimboyo ili. Zili ngati wakabaza amene mwamuuza kuti m'mawa uliwonse azikatenga mwana pa nyumba yachitatu kuchokera pa mjigo: banjalo likasamuka, iye adzafika pa nyumba yomweyo, adzapeza kulibe mwana, ndipo adzabwerako chimanjamanja. Foni nayo ikapita kukafuna nyimbo n'kupeza kuti yasunthidwa, yasinthidwa dzina, yafufutidwa, kapena khadi limene inalimo silikuwerengeka, imabwerera ku kaliridwe kake kakale, ndipo mafoni ena amangonjenjemera osatulutsa mawu.

N'chifukwa chake ringtone yosungidwa m'memori khadi siikhalitsa. Tonse timadziwa mmene khadi limayendera kwathu kuno. Lero lili m'foni, mawa lalowa m'wailesi ya kunyumba, mkuja mlamu walibwereka kuti akaike m'sipika pa chinkhoswe ku Khombedza. Ambiri amalichotsanso akamasiya foni potchajira, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa makhadi amasowadi m'malo otere. Pa timafoni ta mabatani tambiri khadi limakhala kunsi kwa batire, moti aliyense wosinthanitsa mabatire amaligwedeza osadziwa. Ngakhale khadi lisanachotsedwe n'komwe, foni imene yazima chifukwa batire yatha imayamba yadzutsa za m'kati mwake, ndipo khadi imaliwerenga pambuyo pake. Mafoni ena akafufuza ringtone pa kanthawi kameneko n'kuipeza palibe, amaiwala zimene munasankha.

Mankhwala ake ndi kuika nyimboyo m'kati mwa foni yeniyeniyo. Pa foni ya Android, kaya ndi itel, Tecno, Infinix kapena Samsung, tsegulani pulogalamu yoonera mafayilo, imene imatchedwa File Manager, Files kapena My Files malinga ndi mtundu wa foni. Pezani nyimboyo m'khadi, idinikizeni kwa kanthawi mpaka isankhike, kenako sankhani Copy osati Move, kuti m'khadimo itsalemo. Pitani ku Internal storage ndipo muiike m'foda yotchedwa Ringtones. Ngati fodayo palibe, ipangeni nokha, koma dzinalo mulilembe ndendende choncho, chifukwa Android imazindikira fodayi ndi dzina lake. Mukatero zimitsani foni n'kuiyatsanso, kenako lowani mu Settings, mupite pa Sound, musankhe Ringtone, ndipo nyimbo yanu idzaoneka pamndandanda limodzi ndi zimene foni inabwera nazo. Kamvekedwe ka mauthenga kamafuna foda ya Notifications, ndipo nyimbo yodzutsira m'mawa imafuna foda ya Alarms. Kuyambira pamenepo khadi likhoza kupita ku chinkhoswe sabata yathunthu, foni izilirabe nyimbo yanu.

Pali misampha iwiri imene imagwira ngakhale amene achita zonsezi bwinobwino. Woyamba ndi wa malaini awiri. Pafupifupi aliyense kuno ali ndi laini ya Airtel ndi ya TNM m'foni imodzi, ndipo mafoni ambiri otere amafuna kuti SIM 1 isankhiridwe ringtone yake, SIM 2 nayo yake. Bambo wina wogulitsa usipa ku Senga Bay anabwera kawiri akunena kuti nyimbo yake imalira tsiku lina, tsiku lina ayi, ndipo anali atayamba kuikayikira foniyo. Chimene chinkachitika n'chakuti makasitomala ake a ku Lilongwe ankamuimbira pa laini ina, achibale pa laini inzake, ndipo nyimbo anaiika pa imodzi yokha. Wachiwiri ndi wa mapulogalamu otsuka foni, aja amene amalonjeza kukupezerani malo. Akaona nyimbo imodzimodzi ili m'khadi komanso m'foda ya Ringtones, amaitenga ngati yobwereza n'kukufunsani kuti muifufute, ndipo munthu amavomera osawerenga. Kuti zimenezi zisachitike, yang'anani mndandanda wa zofufutidwazo musanavomere, kapena dulani nyimboyo kuti ya m'foda ya Ringtones ikhale kachidutswa kosiyana ndi nyimbo yonse.

Ngati mukugwiritsa ntchito pulogalamu yodulira nyimbo ndipo ikunena kuti yaika ringtone pamene foni sinasinthe, vuto ndi chilolezo. Kuyambira pa Android 6.0, imene inatuluka mu 2015, pulogalamu singasinthe kaliridwe ka foni isanapatsidwe chilolezo chotchedwa Modify system settings, chimene chimapezeka mu Settings, pansi pa Apps. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kuigwiritsa ntchito podula nyimbo pokha, kusankhako muzichita nokha kudzera mu Settings.

Pa timafoni ta mabatani njira imadutsa ku Profiles, ndipo apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa: General, Meeting ndi Outdoor, chilichonse chimasunga kaliridwe kakekake. Mukaika nyimbo pa General, mwana n'kusinthira foni ku Outdoor posewera, mudzamva kaliridwe kena n'kuganiza kuti nyimbo yafufutika. Pa tambiri mwa timafoniti, kudinikiza batani la # kwa kanthawi kumatseka mawu onse, ndipo zimenezi zimachitika zokha foni ikapanikizika m'thumba kapena m'chitenje chomangidwa mfundo. Malo a m'kati mwa timafoniti ndi ochepa kwambiri moti nyimbo yathunthu kawirikawiri siikwanamo, choncho kachidutswa kakafupi ndi kamene kangasungidwe m'foni.

Fayilo imene foni ikuikana

Foni ikalemba kuti Unsupported format, Invalid file kapena Cannot play, ikukuuzani kuti mtundu wa fayiloyo siikuudziwa, kapena kuti fayiloyo ndi yoduka. Mtundu umadziwika ndi zilembo zakumapeto kwa dzina, pambuyo pa kadontho. MP3 ndiyo imalira pafupifupi paliponse, kuyambira pa kafoni kotchipa, wailesi yolowa khadi, mpaka m'minibasi za ku Nkhotakota. Mitundu ina monga M4A, OGG, FLAC ndi OPUS imalira bwino pa mafoni a Android atsopano, koma timafoni ta mabatani ndi mawailesi ambiri amaikana kapena saionetsa n'komwe.

WhatsApp ndiye gwero lalikulu la chisokonezo chimenechi. Kwaya ya amayi a Chigwirizano ikajambula nyimbo yatsopano podina kabatani ka maikolofoni, kapena wina akajambula kaswida pa mwambo n'kutumiza pagulu, chimene chimafika kwa inu ndi fayilo ya OPUS, imene imasungidwa m'foda ya WhatsApp Voice Notes. Mkati mwa WhatsApp imalira bwinobwino, koma mukaitumiza ku kafoni ka agogo kumudzi imakhala chete, ndipo pa mndandanda wa nyimbo za m'foni siioneka. Nyimbo imene yatumizidwa ngati fayilo yeniyeni imapita ku WhatsApp Audio kapena ku WhatsApp Documents. Pa mafoni a Android 11 kupita m'tsogolo, mafoda amenewa anasamukira m'kati mwa foda ya Android, pansi pa media, pa com.whatsapp, ndiye amene anazolowera kuwapeza pamwamba amaganiza kuti afufutika.

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri kwa anyamata n'chosintha dzina la fayilo, kuchotsa mp4 kapena opus n'kulembapo mp3. Kulemba mawu akuti mchere pa thumba la shuga sikusintha zimene zili m'katimo, ndipo foni ikatsegula fayiloyo imapezabe kanema kapena OPUS yemweyo. Mafoni ena akuluakulu amailiza ngakhale dzina lili labodza, zimene zimapangitsa mwini wake kukhulupirira kuti zatheka, koma ikafika pa wailesi imakanidwa. Fayilo iyenera kusandutsidwa ndi pulogalamu yosinthira mitundu. Pa kompyuta, VLC ndi Audacity ndi aulere ndipo onse amatha kutulutsa MP3 yeniyeni.

Kukula kwa fayilo kumaulula zambiri. Nyimbo ya MP3 ya 128 kbps, umene ndi muyeso wa ubwino wa mawu ake, imadya pafupifupi 1MB pa mphindi iliyonse, moti nyimbo ya mphindi zinayi iyenera kukhala pafupifupi 4MB, ndipo ya 320 kbps ya utali womwewo imayandikira 10MB. Mukapeza nyimbo ya mphindi zisanu ikuonetsa 200KB kapena 0KB, dziwani kuti netiweki inaduka kapena bandulo inatha isanamalize kutsika. Ngati dzina lake likuthera ndi crdownload kapena part, ndiye kuti sinamalize ndithu, ndipo palibe chokonza koma kuitsitsanso pamene netiweki ili bwino. Koma ngati munadina batani lotsitsira nyimbo n'kubwera fayilo yothera ndi apk, imeneyo si nyimbo ayi, ndi pulogalamu. Musaitsegule, ifufuteni, chifukwa mapulogalamu olowa mwa njira imeneyi ndi amene amadzaza foni ndi zotsatsa malonda zotulukira paliponse.

Nyimbo zimene mwasunga m'kati mwa Spotify kapena YouTube Music kuti muzimvera popanda intaneti zimakhala zokhomedwa, ndipo zambiri za mu Boomplay ndi Audiomack zilinso chimodzimodzi. Zimalira m'pulogalamu yakeyo mokha. Simungazikopere m'khadi la wailesi kapena kuzisankha ngati ringtone, ndipo kumeneku si kuwonongeka kwa foni koma dala, pofuna kuteteza eni nyimbo.

Nthawi zina fayilo ili bwino ndipo mu File Manager ikuoneka, koma pulogalamu yoimbira nyimbo siikuionetsa. Yambani ndi kuzimitsa foni n'kuiyatsanso kuti iwerengenso mafayilo ake. Zikakanika, tsegulani Show hidden files mu File Manager n'kuyang'ana ngati m'fodamo muli kafayilo kotchedwa .nomedia, kamene ntchito yake ndi kuuza Android kuti isaonetse nyimbo ndi zithunzi za m'foda imeneyo. Samutsirani nyimbozo ku foda ya Music ndipo zidzaoneka.

Memori khadi

Apa ndi pamene pamagona mavuto aakulu, ndipo ndi pamene anthu amataya nyimbo zimene anazisonkhanitsa kwa zaka.

Choyamba ndi kukula kwa khadi. Makhadi a 32GB kutsika m'munsi amabwera atakonzedwa mwa dongosolo lotchedwa FAT32, limene pafupifupi chipangizo chilichonse chimaliwerenga. Makhadi a 64GB kukwera m'mwamba amabwera mwa dongosolo lina lotchedwa exFAT, limene timafoni ta mabatani tambiri, mawailesi ndi masipika otchipa salidziwa. Munthu amagula khadi lalikulu poganiza kuti wapindula, akaliika m'kafoni kake n'kuuzidwa kuti mulibe khadi kapena kuti lifomatidwe. Khadilo silinawonongeke, koma silinapangidwire chipangizo chimenecho. Kwa wofuna nyimbo zokha, 8GB kapena 16GB n'zokwana ndithu, pakuti 1GB imasunga nyimbo pafupifupi 250 za mphindi zinayi pa 128 kbps, ndipo 8GB imayandikira nyimbo 2,000, zimene ngakhale woyenda tsiku lililonse pakati pa Salima ndi Dwangwa sangazimalize msanga.

Chachiwiri ndi makhadi achinyengo, amene ndi ochuluka m'misika yathu. Khadi lotere limalembedwa 32GB pamwamba ndipo foni nayo imaonetsa 32GB, chifukwa kachipangizo ka m'kati mwake kanakonzedwa kuti kaziname, pamene malo enieni ndi ochepa kwambiri. Zizindikiro zake n'zodziwika kwa amene anazionapo. Nyimbo zoyamba kuthiridwa zimalira bwino, koma malo enieniwo akadzaza, zotsatira zimaoneka mayina okha osalira, zina zimadumphadumpha, ndipo mafoda ena amasanduka zilembo zosawerengeka. Mwini khadi amabwerera kwa wothira nyimbo ali wokwiya, wothirayo amathiranso, zimakanikanso, ndipo onse awiri amathera kuimba mlandu foni. Njira yotsimikizira ndi kulidzaza khadilo mpaka pakamwa n'kuyesa kuliza nyimbo zomalizira kulowa. Pa kompyuta ya Windows pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw, kamene kamalemba m'khadi lonse n'kuwerenganso, kenako n'kunena malo enieni amene alipo. Kamatenga nthawi, koma khadi latsopano liyenera kuyesedwa choncho musanaliikire chilichonse chimene simukufuna kutaya. Komabe musalitche khadi lachinyengo chifukwa chakuti la 32GB likuonetsa pafupifupi 29GB, kapena la 16GB likuonetsa pafupifupi 14.8GB. Kusiyana kumeneko kumabwera chifukwa opanga makhadi ndi makompyuta amawerenga mosiyana, ndipo makhadi enieni onse amatero.

Chachitatu ndi vairasi ya m'makompyuta othirira nyimbo. Kompyuta imene imalandira makhadi a anthu ambirimbiri tsiku lililonse ili ngati chikho cha pa mjigo, ndipo ndikunena zimenezi ine mwini wake ndili pa ntchito yomweyo. Vairasi yofala kwambiri siifufuta nyimbo ayi, imangobisa mafoda enieni n'kuikapo timafayilo tonamizira tokhala ndi kamuvi pakona, totchedwa shortcut. Chizindikiro chake n'chakuti khadi likuonetsa kuti malo ndi odzaza koma nyimbo sizikuoneka. Musafomate. Ikani khadilo pa kompyuta yoyera imene ili ndi pulogalamu yopha mavairasi, lisesedwe, kenako tsegulani Command Prompt, pulogalamu ya mu Windows yolembamo malamulo, n'kulemba attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ndipo m'malo mwa E muike chilembo chimene kompyutayo yapatsa khadi lanu. Mafoda obisikawo adzatuluka poyera, ndipo timafayilo tonamizirato mutifufute osatitsegula. Mavairasi a mtundu umenewu amagwira ntchito pa Windows, pa foni sagwira, choncho kuflasha foni chifukwa cha iwo n'kumwetsa mankhwala munthu amene sakudwala.

Chachinayi ndi funso limene mafoni ena a Android amafunsa mukaika khadi latsopano, lakuti ligwire ntchito ngati Portable storage kapena ngati Internal storage. Sankhani Portable storage. Mukasankha Internal storage, foni imalifomata khadilo n'kulikhoma kuti liziwerengeka m'foni imeneyo mokha. M'wailesi silidzalira, pa kompyuta silidzatseguka, ndipo tsiku limene foniyo idzaflashidwe kapena kufa, zonse za m'khadimo zidzapita nayo limodzi ngakhale khadilo lili m'manja mwanu.

Palinso za nyengo yathu ya kunyanja kuno. Thukuta la mu Okutobala ndi Novembala, chinyezi cha m'maboti ndi mchenga wa ku Senga Bay kapena ku Chia zimadetsa timizere tagolide ta kumbuyo kwa khadi, ndipo foni imayamba kulemba kuti khadi lachotsedwa pamene palibe waligwira. Zimitsani foni, tulutsani khadi, pukutani timizereto pang'onopang'ono ndi kansalu kouma kapena labala ya pensulo, kenako mulibwezere mpaka likhazikike. Malovu ndi nsonga ya mpeni zimene ena amagwiritsa ntchito zimangowonjezera vuto. Ndipo khadi lisamazulidwe foni ikuimba nyimbo kapena kompyuta ikukopera, chifukwa limaduka pakati pa kulemba, ndipo mafayilo oduka choncho ndi amene mumadzawapeza m'foda ya LOST.DIR ali ndi manambala m'malo mwa mayina. Sankhani Eject kapena Unmount, apo ayi zimitsani kaye foni.

Khadi likayamba kukana kulandira zatsopano, ndipo zimene mwafufuta zikumabwereranso, yang'anani kaye kabatani kotsekera kamene kali m'mbali mwa adaputala yaikulu imene khadi limalowamo poliika pa kompyuta, chifukwa kakatsikira ku Lock kompyuta siingalembemo. Ngati si kabataniko, khadilo lakalamba ndipo ladzitseka lokha. Likadali kuwerengeka, koperani zonse tsiku lomwelo n'kugula lina. Kufomata kukhale chinthu chomaliza, mutakopera kale zimene zingapulumuke, ndipo ndi bwino kufomatira m'foni imene khadilo lizigwiramo ntchito.

Kusamutsa nyimbo

Mukalumikiza foni ku kompyuta, foni n'kumangotchaja osaoneka, kawirikawiri vuto ndi chingwe. Zingwe zambiri zotchipa zili ndi mawaya awiri a moto okha, zilibe onyamula mafayilo. Yesani chingwe china, tsegulani loko ya sikirini, kenako kokani mauthenga a pamwamba n'kusankha File transfer. Pa kafoni ka mabatani sankhani Mass storage. Bluetooth ikamaduka pakati pa kafoni ka mabatani kakulemba kuti Memory full pamene khadi lili ndi malo ambiri, ndiye kuti zolandira zikupita m'kati mwa foni, ndipo muyenera kulowa mu Bluetooth n'kusintha malo osungira kuti akhale khadi. Pakati pa mafoni awiri a Android, Quick Share kapena Xender amathamanga kwambiri kuposa Bluetooth ndipo sadya bandulo.

Nyimbo ilipo koma siikumveka

Mafoni a Android ali ndi mavoliyumu osiyana a nyimbo, a kulira kwa foni ndi a alamu, ndipo mabatani a m'mbali nthawi zambiri amakweza ya nyimbo yokha. Lowani mu Sound n'kukweza Ring volume payokha, ndipo onetsetsani kuti Do Not Disturb, imene imaoneka ngati kamwezi kapena kabwalo kodulidwa pakati, ndi yozimitsa. Ambiri amaiyatsa polowa m'tchalitchi, mumzikiti kapena pa maliro, n'kuiwala. Ngati pamwamba pa sikirini pakuoneka chizindikiro cha mahedifoni pamene simunalumikize, fumbi kapena chinyezi zalowa m'kabowo kake. Zimitsani foni, tokosani mosamala ndi kamtengo kouma kosongoka, osati singano, ndipo muisiye iume pamthunzi. Onaninso ngati foni siinadzilumikize ku sipika ya Bluetooth ya m'nyumba.

Nthawi zambiri, komabe, wolakwa ndi nyimbo yeniyeniyo. Nyimbo zathu zambiri za kwaya ndi zauzimu zimayamba ndi kiyibodi yapansipansi kapena mawu olankhula, ndipo pamene kolasi ikufika, woimba uja watopa kapena netiweki yadula kale. Dulani masekondi 20 mpaka 30 a pamene nyimbo yafika pachimake, muisunge ngati MP3 ya 128 kbps, ndipo kachidutswa kameneko sikadzapitirira theka la 1MB, moti kadzakwana ngakhale m'timafoni tina ta mabatani. Posankha poduka, kumbukirani kuti kasipika ka foni sikatulutsa bwino besi ndi ng'oma zazikulu. Mawu okwera, gitala kapena likhweru ndi amene amapyoza phokoso la mumsika, la injini ya boti kapena la mphepo ya mwera.

Ofuna kuti munthu mmodzi, monga mayi awo kapena abwana, azilira nyimbo yakeyake, adziwe kuti nambala yosungidwa mu SIM siilola zimenezo. Ikopereni ku foni kapena ku akaunti ya Google, kenako mutsegule dzinalo n'kusankha Set ringtone. Ngati munthuyo wasungidwa kawiri, foni ikhoza kutsatira dzina limene lilibe nyimbo, choncho fufutani lobwereza. Kuimba kwa pa WhatsApp kuli ndi kaliridwe kakenso, kamene kamasinthidwa m'kati mwa WhatsApp momwemo, pa Settings, pansi pa Notifications.

Pali dandaulo lina limene limafika pa benchi ngati la ringtone pamene silili. Munthu amati anthu akamamuimbira akumva nyimbo imene iye saidziwa, ndipo mayunitsi akumatha osaimba. Nyimbo imene woimba amamva podikira kuti muyankhe siikhala m'foni mwanu, imakhala ku kampani ya netiweki, imayenda ndi laini, ndipo imalipiridwa kuchokera ku mayunitsi mobwerezabwereza mpaka mutailetsa. Ambiri amalembetsa osadziwa podina batani pamene akumvera uthenga wotsatsa. Kufufuta mafayilo, kusintha khadi kapena kuflasha sikungaichotse. Imbirani ku ofesi yothandiza makasitomala ya laini yanu kapena pitani ku shopu yawo mukapemphe kuti aichotse, ndipo mufunsenso ngati pali zina zimene laini yanu inalembetsedwa.

A iPhone ndi ochepa kuno, ndipo njira yawo ndi ina. Foda ya Ringtones kulibe, ndipo Bluetooth siilandira nyimbo zochokera ku Android. Njira yodziwika ndi ya pulogalamu ya GarageBand, imene imadula nyimbo kufika masekondi 30 n'kuitumiza ku mndandanda wa ringtone.

Kwa anzanga othira nyimbo, nkhani ya eni nyimbo siichoka. COSOMA, bungwe loteteza ntchito za oimba ndi olemba limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limapereka zilolezo pa ntchito zokhudza nyimbo za anthu ena, ndipo lamulo limene likugwira ntchito pano ndi la 2016. Kulimbanso kwa ntchito kuli pomwepo, chifukwa nyimbo yochokera kwa woimba mwini kapena ku malo ovomerezeka imabwera yathunthu, ya dzina lolondola, yopanda mawu otsatsa oikidwa pakati.

Nthawi yopita kwa wokonza

Mayeso awiri ndi amene amasiyanitsa vuto la pakhomo ndi la kwa wokonza mafoni. Tulutsani khadi, sankhani kaliridwe kamodzi mwa kamene foni inabwera nako, kwezani Ring volume mpaka kumapeto, ndipo mupemphe wina akuimbireni. Ikalira bwino, foni ilibe mlandu, bwererani ku fayilo ndi khadi. Ikakhala chete kapena kusasa mawu pamene m'mahedifoni nyimbo zikumveka bwino, ndiye kuti kasipika kafa kapena tibowo take tatsekeka ndi fumbi, ndipo kameneka kamatsukidwa kapena kusinthidwa popanda kufufuta kalikonse. Kenako bwerekani khadi limene likugwira bwino m'foni ya mnzanu. Likakanikanso mwa inu, polowera khadi ndi pamene pawonongeka, ndipo imeneyonso ndi ntchito ya sikuludiraiva ndi chowotcherera, si ya kuflasha.

Ngati wokonzayo waonadi kuti foni iyenera kuflashidwa, tulutsani khadi ndi malaini anu musanaisiye, koperani manambala ndi zithunzi, ndipo tsimikizani kuti mukukumbukira imelo ndi pasiwedi ya akaunti ya Google imene ili m'foniyo, chifukwa ikadzayakanso idzafunsa akaunti yomweyo isanakuloleni kulowa. Ngati akauntiyo anakutsegulirani wina pa tsiku logula foni, mufufuzeni munthuyo akupatseni pasiwediyo foni isanagwiridwe.